Lipoti la wodwala: mapazi ootcha usiku, shuga asanafike pa muyezo wa matenda

Bambo wa zaka 54, dalaivala wa malole a maulendo ataliatali, anabwera kwa ine ndi dandaulo la mapazi. Panali patatha miyezi 14 akumva kuotcha kuzala ndi kunsi kwa mapazi onse awiri, ndipo m'miyezi inayi yomalizira motowo unali utakwera kufika mu akakolo. Masana zinkapiririka, koma usiku kunalibe tulo. Iwo anati, "Adokotala, zimakhala ngati ndaponda makala, kenako wina n'kumandibaya ndi singano." Nsalu yofunda ikangokhudza zala ankadzidzimuka, moti anazolowera kugona mapazi ali kunja kwa bulangete ngakhale kuzizire bwanji. Akazi awo, amene anawaperekeza tsikulo, anawonjezera chimene bambowo anasiya: pansi pa bedi pankakhala beseni la madzi ozizira, ndipo kawiri kapena katatu usiku uliwonse ankadzuka kukaviikamo mapazi.

Bambowa anali atayezedwapo shuga katatu konse, pobaya chala m'mawa asanadye, ndipo katatu konseko anauzidwa kuti alibe shuga. Mmodzi mwa anthu amene anawauza zimenezo ndine. Miyezi 8 m'mbuyomo ndinawaona pa tsiku la mzere wautali, makina anawerenga 5.7, ndinawalembera mavitamini a gulu la B ndi mankhwala opha ululu, n'kuitana wotsatira. Nsapato sindinawavulitse. Ndalemba lipotili makamaka chifukwa cha tsiku limenelo.

Odwala ambiri amati "mitsempha ikundipweteka", ndipo liwu limeneli limanyamula zinthu zingapo. Muno ndikati mitsempha ndikunena njira za magazi. Ndikati minyewa ndikunena tizingwe timene timanyamula uthenga wa kukhudza, kutentha ndi ululu kuchokera pakhungu kupita ku msana ndi ku ubongo.

Mbiri yawo

Mowa anasiya zaka 11 zapitazo ndipo fodya sanasutepo. Sanamwepo mankhwala a TB, a khansa kapena ma ARV, komanso sanakhalepo pa metronidazole kwa nthawi yaitali. Ndinafunsa zimenezi chimodzichimodzi chifukwa isoniazid, vincristine, stavudine ndi metronidazole ndi ena mwa mankhwala odziwika kuti amaononga minyewa. Analibe ludzu lachilendo, sankakodza pafupipafupi, ndipo thupi silinkatsika. Linali litakwera ndi makilogalamu pafupifupi 15 m'zaka 10. Pa ulendo ankakhala pachiwongolero maola ambirimbiri, ndipo pofuna kuthamangitsa tulo ankamwa mabotolo anayi kapena asanu a zakumwa zotsekemera pa tsiku. Mayi awo owabereka anadwala shuga ndipo anadulidwa mwendo asanamwalire. Atanena zimenezi anakhala kaye chete, ndipo ndinadziwa kuti chimene chawabweretsa si ululu wokha.

Akazi awo atatuluka pang'ono, ndinafunsa za m'banja. Anavomera chapansipansi kuti kwa chaka tsopano mphamvu zachepa. Kuwonjezera apo, mavitamini ndinawalembera aja anapitiriza kudzigulira okha, n'kumamwa mapiritsi atatu pa tsiku, pamodzi ndi mankhwala opha ululu otchedwa diclofenac pafupifupi tsiku lililonse.

Zimene ndinapeza powayeza

Sikelo inaonetsa makilogalamu 96, msinkhu mamita 1.72, BMI (muyezo woyerekeza kulemera kwa thupi ndi msinkhu) 32.4. Tepi yozunguliza pamimba inawerenga masentimita 109. BP inali 146/92 ndipo sinatsike ataimirira kwa mphindi zitatu.

Ulendo uno ndinawapempha kuvula nsapato ndi sokosi, mapazi onse awiri. Khungu linali louma gwa, ming'alu kuzidendene, koma pakati pa zala panali potuwa ndi pofewa chifukwa choviikidwa m'madzi usiku ndi usiku. Mapaziwo analibe thukuta ngakhale pang'ono, pamene m'manja munali chinyontho. Chilonda panalibe. Mitsempha inkagunda bwino pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo, mbali zonse ziwiri.

Mphamvu za miyendo zinali zonse. Anayenda ndi zidendene, anayendanso monyang'ama. Nditagogoda ndi kanyundo kuseri kwa chidendene, phazi linagwedezeka monga mwa nthawi zonse. Monofilament ya magalamu 10, kaulusi ka nayiloni kaja timagunditsa kunsi kwa phazi, anakamva pamalo onse. Tuning fork ya 128 Hz, chitsulo chimene chimanjenjemera chikamenyedwa, nditaiika pachala chachikulu, anamva kunjenjemera kwake. Munthu wolekera pamenepa akanalemba kuti mapazi alibe vuto, ndipo m'zipatala zambiri kuyeza phazi kumathera pomwepa.

Zinasintha nditatenga pini. Pamsongolo anati, "Chakuthwa." Pamwamba pa phazi anati, "Chobuntha." Pachala chachikulu anakhala kaye osayankha, kenako anakweza phazi msangamsanga, akuti pamalopo payaka, ndipo kuyakako kunapitirira ine nditachotsa kale piniyo. Ndinaviika chitsulo cha tuning fork chija m'madzi ozizira n'kuwakhudzitsa pabondo. "Chozizira." Paphazi: "Ndikungomva kuti mwandigunda ndi chinthu." Malire ake anali pamwamba pang'ono pa akakolo, mofanana kumanja ndi kumanzere, ngati munthu wavala sokosi zazifupi. Pa mafunso a DN4, ofufuzira mtundu wa ululu, anapeza 6 pa 10, pamene 4 ndi wokwanira kuganizira ululu wochokera m'minyewa. Ululu weniweniwo anaupatsa 7 pa 10.

Ndinayang'ana thupi lonse kufuna zigamba zotuwa zosamva kukhudza, ndinapapasa minyewa ya kuseri kwa chigongono ndi ya m'mbali mwa bondo kuti ndione ngati yatupa. Zizindikiro za khate panalibe. Kukweza mwendo ali chigonere sikunadzutse ululu, ndipo msana unalibe dandaulo.

Zonsezi zinkaloza kumodzi. Minyewa ikuluikulu, yokutidwa ndi chikuto chochindikala cha myelin, ndi imene imanyamula kunjenjemera, kudziwa pamene phazi laponda, ndi mphamvu zoyendetsera mwendo. Imeneyo inali bwino. Ting'onoting'ono, totchedwa A-delta ndi C, ndi timene timanyamula ululu ndi kutentha, komanso timalamulira thukuta. Timeneto ndi timene tinkavutika. Vutoli limayambira kuzala chifukwa minyewa yofika kumeneko ndi yaitali kuposa ina yonse m'thupi, pafupifupi mita yathunthu kuchokera kumunsi kwa msana. Chakudya chake chimachokera kutali, ndiye zinthu zikayamba kuthina, nsonga ndi imene imayamba kufota.

Za ku labotale

Shuga wa m'mawa asanadye, wa magazi a m'mtsempha, anali 5.9 mmol/L. HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu, inali 5.9 peresenti. Nambala ya 5.9 mmol/L ndi yosokoneza. Bungwe la WHO limayamba kuwerenga kuti shuga wa m'mawa wakwera akafika 6.1, pamene American Diabetes Association imayambira pa 5.6. Munthu mmodzi yemweyo, magazi omwewo, buku lina likuti ali bwino, lina likuti ali pakhomo pa matenda. Matenda a shuga enieni onse amavomerezana kuti amayambira pa 7.0 m'mawa, kapena HbA1c ya 6.5. Dera la pakatili ndi limene m'mabuku amati prediabetes, ndipo pa HbA1c bungwe la ku America lija limaliika pa 5.7 mpaka 6.4.

Chimene chinamasula nkhani ndi OGTT. Wodwala amabwera atakhala maola osachepera 8 osadya, timatenga magazi, amamwa magalamu 75 a glucose osungunulidwa m'madzi, n'kukhala pansi maola awiri osayendayenda, kenako timatenganso magazi. Bambowa anadandaula kuti chakumwacho n'chotsekemera mochititsa nseru, zimene zinandiseketsa ndikaganiza mabotolo asanu aja. Patatha maola awiri shuga anali 9.8 mmol/L. Munthu wabwinobwino amakhala pansi pa 7.8, ndipo 11.1 kupita m'mwamba ndi matenda a shuga. Choncho thupi lawo linkalephera kutsitsa shuga msanga akadya, chifukwa minofu inali itayamba kusamvera insulini, imene imathandiza shuga kulowa m'maselo. Kuyeza m'mawa kokha kuli ngati kuyendera nyumba itasesedwa kale: usiku wonse thupi limakhala likukonza, ndipo mmene tikubaya chala zinyalala zadzulo zachoka. Koma munthu amene akudya katatu ndi kumwa zotsekemera pakatipakati amatha tsiku lonse shuga ali m'mwamba.

Mafuta a m'magazi nawo sanali bwino. Ma triglyceride anali 2.9 mmol/L, pamene timafuna akhale pansi pa 1.7, ndipo HDL, mafuta abwino a m'magazi, inali yotsika pa 0.9. Zotsalazo zinatuluka bwino: magazi okwanira, vitamini B12, chithokomiro, impso, chiwindi, HIV, komanso kuyeza mapuloteni achilendo a m'magazi kotchedwa SPEP. Kukwanira kwa magazi kunali kofunika pano, chifukwa HbA1c imanama mwa munthu woperewera ayironi kapena amene maselo ake ofiira akusweka msanga.

Ndinawatumizanso kukayezedwa liwiro la uthenga m'minyewa ndi makina a magetsi. Zotsatira zinabwera zopanda vuto, ndipo bambowa anakhumudwa. "Ndiye kuti ndikunama, adokotala?" Ndinawafotokozera kuti makinawo amamva minyewa ikuluikulu yokha, ting'onoting'ono satiwerenga. Njira yotsimikizira timeneto ndi kudula kachikopa ka mamilimita atatu, masentimita 10 pamwamba pa kakolo wakunja, n'kuwerenga pa maikulosikopu nsonga za minyewa zimene zatsala m'khungu. Ife sitinachite zimenezo. Zimene ndinalemba m'failo, kuti ndi small fibre neuropathy, kutanthauza kuonongeka kwa minyewa ing'onoing'ono, mwa munthu wa prediabetes, zinachokera ku mbiri, ku pini ndi chitsulo chozizira, ndi kuchotsapo zifukwa zina.

Kodi wolakwa ndi shugayo?

Funsoli akatswiri sanamvane kwathunthu, ndipo wodwala ali ndi ufulu wodziwa zimenezo. Mu 2001, Singleton, Smith ndi Bromberg a ku Utah, ku United States, anapeza kuti mwa odwala 107 a vuto la minyewa losadziwika chiyambi, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi shuga wochedwa kutsika pa OGTT. Kafukufuku wa MONICA/KORA ku Augsburg ku Germany, wofalitsidwa mu 2008, anapeza vuto la minyewa mwa anthu 28 pa 100 alionse odwala shuga, 13 mwa a shuga wochedwa kutsika, 11.3 mwa a shuga wokwera pang'ono m'mawa, ndi 7.4 mwa a shuga wabwinobwino. Manambalawa akukwera ngati makwerero. Koma mu 2012 gulu la Dyck ku Mayo Clinic, poyeza anthu a ku Olmsted County ku United States, silinapeze kuti a prediabetes ali ndi vutoli kuposa anzawo. Otsutsawo alinso ndi mfundo yomveka: prediabetes ndi yofala kwambiri mwa anthu opitirira zaka 50, moti kuipeza mwa munthu wa mapazi ootcha sikutanthauza kuti ndiyo yayatsa motowo.

Maganizo anga ndi akuti kuloza chala shuga yekha n'kuchepetsa nkhani. Ku Augsburg komweko, kukula kwa mimba kunkayendera limodzi ndi vuto la minyewa pakokha, ndipo ntchito ya Callaghan ndi anzake ku Michigan yaonetsa vutoli mwa anthu onenepa kwambiri ngakhale shuga wawo ali bwino. Bambowa anali ndi zonse zisanu zimene timawerenga pa metabolic syndrome: mimba, BP, shuga, triglyceride ndi HDL yotsika. Maselo a minyewa salindira insulini kuti alowetse shuga, ndiye akachuluka m'magazi amachulukanso mkati mwake. Wina amasanduka mtundu wina wa shuga wotchedwa sorbitol, wina amamatirira ku mapuloteni n'kuwaononga. Mafuta ochuluka amalemetsa timafakitale ta mphamvu ta m'selo, ndipo timitsempha todyetsa minyewa timathina. Katundu aliyense payekha ndi wopepuka, koma akasenzetsedwa onse pamodzi kwa zaka, nsonga zija zimagonja.

Mkanganowu susintha kwenikweni chochita. Chimene umandiphunzitsa n'chakuti ndisasiye kufufuza ndikangoona 9.8. B12, HIV, chithokomiro ndi SPEP ziyenera kuyezedwabe. Ndipo mwendo ukayamba kufooka, vuto likakhala mbali imodzi, kapena likamakwera m'masabata ochepa, pamenepo prediabetes si yankho, wodwala apite kwa katswiri wa minyewa msanga.

Chithandizo

Ndinayamba ndi kuchotsa. Diclofenac sathandiza ululu wa mtunduwu, koma amakweza BP ndi kuvutitsa impso ndi m'mimba. Mavitamini aja nawo ndinawaletsa, chifukwa B6 akamamwedwa wambiri kwa nthawi yaitali amaononga yekha minyewa. Kuwauza zimenezi kunandichititsa manyazi, popeza woyambitsa ndinali ine. Beseni linali lovuta kwambiri kulanda. Tinagwirizana kuti ululu ukakula aziika kansalu konyowa kwa mphindi zochepa, kenako aziumitsa bwino pakati pa zala. Mafuta odzola azipaka kuzidendene ndi pamwamba, osati pakati pa zala. Madzi osamba aziyesa ndi chigongono, osati ndi phazi, ndipo madzulo alionse aziyang'ana kunsi kwa mapazi ndi kukutumula nsapato asanavale.

Pa ululu ndinayamba ndi amitriptyline wa 10 mg usiku, n'kukweza kufika 25 mg patatha sabata. Tulo tinabwera, koma tinapitirira malire. Pa sabata yachitatu akazi awo anandiuza kuti bambo akumadzuka mutu uli wolemera mpaka dzuwa litakwera, ndipo tsiku lina anaimika lole m'mbali mwa msewu chifukwa maso ankatsinzina okha. Kwa dalaivala zimenezi si zoseweretsa, ndipo ndikanayenera kuziganizira poyamba pomwe. Ndinasintha n'kuwapatsa duloxetine wa 30 mg m'mawa atadya, kenako 60 mg, ndi malangizo akuti ayambe pa masiku amene sali pamsewu. Nseru inawavuta sabata yoyamba n'kutha yokha. Kusinthaku sikunandidetse nkhawa, chifukwa kafukufuku wa OPTION-DM wa ku Britain, wa 2022, anapeza kuti kuyamba ndi amitriptyline, duloxetine kapena pregabalin kumathandiza mofanana mwa odwala shuga a ululu wa minyewa. Chosankhira ndi moyo wa wodwalayo ndi matenda ena amene ali nawo. Ndinawauza mosabisa kuti mankhwalawa amachepetsa moto, sauzimitsa, ndipo sakonza minyewa. BP itapezekanso yokwera pa maulendo awiri otsatira, tinayamba amlodipine wa 5 mg.

Nkhani yaikulu inali ya thupi. Pano umboni ndi wolimba. Mu Diabetes Prevention Program ku United States, mwa anthu 3,234 a prediabetes, kusintha kadyedwe ndi kuchita masewera olimbitsa thupi kunachepetsa kugwidwa ndi matenda a shuga ndi 58 peresenti, pamene metformin, mankhwala otsitsa shuga, anachepetsa ndi 31 peresenti. Zotsatirazi zinatuluka mu 2002. Zolinga zake zinali ziwiri: kutsitsa thupi ndi 7 peresenti, ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata. Pa za minyewa yeniyeniyo, mu 2006 gulu la ku Utah lija linatsatira anthu 32 kwa chaka pa uphungu wa mtundu womwewo, ndipo nsonga za minyewa m'khungu zinawonjezeka, ululu n'kuchepa. Anali anthu ochepa ndipo panalibe gulu lowayerekezera, koma ndinawauzabe bambowa, chifukwa munthu amene anaona mwendo wa mayi ake ukudulidwa amafunika kumva kuti minyewa ing'onoing'ono imatha kuphukanso.

Tinawerengera limodzi: 7 peresenti ya makilogalamu 96 ndi pafupifupi 7. Uphungu wakuti "muzichita masewera" ndi wopanda pake kwa munthu amene amagona m'lole. Choncho tinaukonza motengera ntchito yawo. Akaima kuti adye, aziyenda mphindi 10 kapena 15 akamaliza kudya asanakwerenso, popeza minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi pa nthawi yeniyeni imene wawo amachedwa kutsika. Akamadikira kupakira kapena kutsitsa katundu, azizungulira pamalopo m'malo mogona m'galimoto. Zakumwa zotsekemera zilowedwe m'malo ndi madzi. M'mbale, ndiwo zamasamba zichuluke, chakudya chokhutitsa chichepe.

Metformin sindinayambe. BMI yawo inali pansi pa 35, anali ndi mtima wofuna kuyesa, komanso mankhwalawa akamwedwa zaka zambiri amatsitsa B12, zimene sindinkafuna kuwonjezera pa minyewa yodwala kale. Dokotala wina akanayamba nawo, ndipo sindikanamutsutsa. Tinapangana kuti manambala a shuga akakwera pa miyezi 6, tiyamba.

Mmene zinayendera

Pa miyezi itatu sikelo inati 92, ululu 5 pa 10. Sanasangalale. Ankayembekezera kuti atasiya zotsekemera zonsezo moto ukhala utazima. Akazi awo ndi amene anayankha ndisanatsegule pakamwa: "Bambo, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Pa miyezi 6 anabwera ali 93. Anali atapatsidwa maulendo otsatizana kwa milungu 7, kuyenda kunaima, mabotolo anabwerera awiri pa tsiku, ndipo beseni linali litalowanso pansi pa bedi. HbA1c inali 5.9 yomweyo. Sindinawakalipire, chifukwa munthu wokalipiridwa sabweranso. Popeza manambala a shuga sanakwere, tinasiya metformin pambali n'kuyambiranso pomwe tinasiyira. 

Patatha chaka: makilogalamu 88, mimba masentimita 100, BP 128/82. Shuga wa m'mawa 5.4, HbA1c 5.6, ndipo pa OGTT wa maola awiri anali 7.4. Ma triglyceride anatsika kufika 1.8. Ululu anaupatsa 2, nthawi zina 3 akayendetsa tsiku lonse. Za m'banja anati zasinthako. Pini anaimva yakuthwa mpaka pakati pa phazi, koma kuzala inali yobunthabe, ndipo kuzizira kwa chitsulo sanakumve pachala chachikulu cha mbali zonse ziwiri. Khungu la pakati pa zala linali litapola.

Ndatsitsa duloxetine kufika 30 mg, ndipo tionana pakatha milungu 6 kuti tione ngati tingapitirize kutsitsa pang'onopang'ono. Shuga tidzayezanso chaka chamawa ndi OGTT, osati kubaya chala kokha, ndipo mapazi tiziyeza ndi pini pa ulendo uliwonse. Potuluka anabwerera pakhomo n'kufunsa ngati mng'ono wawo, amene naye ali ndi mimba yaikulu ndipo wayamba kudandaula dzanzi kuzala, angabwere. Ndinati abwere m'mawa asanadye, ndipo akonzeke kukhala maola awiri.